Guru Arjan, Mphunzitsi Amene Anasunga Nsapato za Alendo Ace

Kumpoto kwa India, ca kumadzulo, kuli cigwa cacikulu ca nthaka yabwino cochedwa Punjab, ndiko kunena dziko la mitsinje isanu. Kumeneko ndiko kwao kwa Asikh, anthu aja osameta tsitsi kapena ndebvu, amene amuna ao amamanga nduwira kumutu. Ena a iwo anafika ku Nyasaland m'caka ca 1891 monga asilikari a boma la Harry Johnston, ndipo ambiri a mbali zino anawadziwa monga anthu a nkhondo basi. Komatu dzina lakuti Sikh silinena za nkhondo ai. Tanthauzo lace ndi wophunzira, ndipo Guru ndiye mphunzitsi. Aphunzitsi ao analipo khumi, kuyambira Guru Nanak amene anabadwa m'caka ca 1469, kufikira Guru Gobind Singh amene anamwalira m'caka ca 1708. Wacisanu wa iwo ndiye Arjan, amene anamanga kacisi wa ku Amritsar, nasonkhanitsa buku lao lopatulika, nakhala woyamba wa aphunzitsiwo kuphedwa ndi boma.

Arjan anabadwa pa 15 April 1563 m'mudzi wa Goindwal, m'mphepete mwa mtsinje wa Beas. Anali mzime mwa ana amuna atatu. Akulu ace anali Prithi Chand ndi Mahadev. Atate wace, Jetha, anali mwana wamasiye wa ku Lahore, amene pa ubwana wace anadzidyetsa ndi kugulitsa nyemba zophika pamseu. Amai ace, Bibi Bhani, anali mwana wa Guru Amar Das, mphunzitsi wacitatu. Cotero mnyamatayo anakulira pakhomo pa agogo ace, ndipo anakhala nao kufikira imfa yao m'caka ca 1574, iye ali ndi zaka 11.

Nkhalamba imeneyi inali ndi mbiri yace yodabwitsa. Inadza kwa Guru Angad ku Khadur iri ndi zaka ngati 60, msinkhu umene munthu amayembekeza kuti ana ndi adzukulu azimtungira madzi; koma iyo inadzisankhira nchito ya wotunga madzi. Usiku uli wonse, tambala asanalire, inali kutsikira ku Beas ndi mtsuko kukatenga madzi akuti Guru asambe, ndipo inacita cotero zaka pafupi-fupi 12, mvula ndi cisanu comwe. Italowa m'malo mwa Angad m'caka ca 1552 inakumbitsa citsime cacikulu ku Goindwal, ca makwerero 84 otsikira kumadzi. Pa nchito imeneyo Jetha anasenza madengu a dothi pamutu pamodzi ndi anchito wamba, ngakhale anali mkamwini wa Guru, kotero kuti abale ace ocokera ku Lahore atamuona ali matope okha-okha anacita manyazi namdandaulira mpongozi wace. Asikh amacha nchito yotere seva, ndiko kutumikira ena ndi manja osayembekeza mphotho. Arjan anaiona m'nyumba mwao asanadziwe kuwerenga.

Kuti zimene anacita atakula zimveke bwino, pafunika kudziwa umo anthu a ku India anali kuganizira za mapazi ndi nsapato. Ahindu anagawa anthu m'magulu anai monga mwa kubadwa kwao: ansembe, ankhondo, amalonda ndi anchito. Kunsi kwa onsewa kunali ena amene sanawerengedwe m'gulu liri lonse, ndiwo osesa m'miseu, ocotsa nyama zakufa, ofufuta zikopa ndi osoka nsapato. Munthu wa gulu lapamwamba akakhudzana ndi mmodzi wa iwo anayenera kukasamba, ndipo m'midzi yambiri sanawalole kutunga pacitsime ca onse, kapena kulowa m'kacisi. Mutu unayesedwa ciwalo caulemu, mapazi ciwalo conyozeka. Tsono nsapato inali yodetsedwa kawiri, pakuti ndi cikopa ca nyama yakufa, ndiponso imaponda zonyansa zonse za m'njira. Kumenya munthu ndi nsapato kunali citonzo coposa kumkwapula ndi ndodo. Kubvula nsapato pofika pamalo opatulika sikunali kwacilendo konse. Ahindu anatero, Asilamu anatero, ndipo owerenga adzakumbukira kuti Mose analamulidwa comweco pacitsamba cija. Funso lobvuta linali lina. Anthu mazana-mazana akabvula nsapato zao pakhomo, adzazitola ndani, adzazisunga ndani? Yankho la dziko lonse linali lakuti ndi nchito ya anthu onyozeka aja, amene anatsala kunja pamodzi ndi nsapatozo.

Aphunzitsi a Asikh anatsutsana ndi magawano amenewa kuyambira masiku a Nanak, ndipo cida cao cacikulu cinali cakudya. Pakhomo pa Guru panali nyumba yophikira onse, yochedwa langar, kumene ali yense anakhala pansi m'mizere nadya ca mumphika umodzi. Amar Das anaika lamulo lakuti wofuna kuonana naye ayambe wadya m'langar. Kwa wansembe wa Cihindu, amene anali kudya yekha m'malo ozunguliridwa ndi mzere kuti mthunzi wa munthu wamba usagwere pa mbale yace, lamulo limeneli linali lowawa ndithu.

Jetha analowa m'malo mwa mpongozi wace nachedwa Guru Ram Das. Iyeyu ndiye anayamba mudzi watsopano, makilomita ngati 50 kum'mawa kwa Lahore, nayamba kukumba dziwe lalikulu pakati pace. Mudziwo unachedwa Ramdaspur, koma pambuyo pace dzina la dziwelo, Amritsar, ndiko kuti dziwe la madzi a moyo wosatha, linaphimba dzina la mudzi. Ram Das pomwalira m'mwezi wa September 1581 anasiya mpando kwa Arjan, mnyamata wa zaka 18, kupitirira ana ace akulu awiri. Mahadev analibe nazo kanthu, pakuti mtima wace sunali pa za dziko. Koma Prithi Chand, amene anayendetsa cuma ca atate wace zaka zambiri nadziyesa mlowa-m'malo, sanakhululukire mng'ono wace moyo wace wonse. Anali kucingamira alendo panjira ndi kulandira mphatso zao monga ngati iye ndiye Guru, kufikira m'langar munayamba kusowa ufa. Arjan sanampatse mlandu. Amene anakonza zinthu ndiwo akulu awiri okhulupirika, Baba Buddha amene anaona Guru Nanak ndi maso ace, ndi Bhai Gurdas, mbale wa banjalo ndi mlembi waluso.

Nchito yoyamba ya Guru watsopano inali kutsiriza dziwe. Analikuza naliwaka ndi njerwa m'mbali zonse, ndipo lero liri ngati mamita 150 mbali iri yonse. Okumba ndi osenza njerwa ambiri anali Asikh odzipereka okha, ocokera kutali, amene analandira cakudya ca m'langar basi. Ca m'ma 1588 anayamba kumanga nyumba yopembedzeramo pakati peni-peni pa madziwo, yofikako pa mlatho umodzi, naicha Harmandir, nyumba ya Mulungu. Mbiri ina imene inamveka zaka zambiri pambuyo pace imati mwala woyamba unaikidwa ndi Mian Mir, Msilamu wopembedza wa ku Lahore. Akacisi ambiri a ku India amamangidwa pamalo okwera kuti aoneke patali, ndipo Asikh ena anafuna kuti wao apose onse m'litali. Arjan anakana. Anaumanga m'munsi, kotero kuti wocokera mumseu ayenera kutsika makwerero kuti afikeko. Anaikanso makomo anai, khomo limodzi mbali iri yonse, kusonyeza kuti magulu onse anai ndi anthu a mbali zonse za dziko alowe popanda wowaletsa. Golidi amene acititsa anthu kuicha nyumbayi Kacisi wa Golidi si wa Arjan ai. Nyumba yace inapasulidwa ndi ankhondo a Ahmad Shah Abdali m'caka ca 1762, nimangidwanso pamalo pomwepo, ndipo golidiyo anaikidwa m'masiku a mfumu Ranjit Singh, zaka zoposa 200 Arjan atamwalira. Cimene cinatsala ca iye ndico kakhalidwe ka nyumbayo: madzi pozungulira, makwerero otsika, makomo anai.

M'masiku omangawo ndimo munacitika nkhani imene Asikh amasimbira ana ao kufikira lero. Gulu la okhulupira linanyamuka ku Kabul, m'dziko la Afghanistan, ulendo wa makilomita oposa 700 wopyola m'mapiri, kudzaona Guru. Dzuwa linawalowera ali pafupi ndi mudzi, ndipo anagona kunja kwace, otopa ndi anjala, akuti alowe m'mawa atasamba. Arjan atamva za iwo anapempha mkazi wace, Mata Ganga, kuti aphike cakudya cambiri. Awiriwo anacisenza pamutu, osabvala nsapato, osatenga wowaperekeza, nafika kumsasa kutada. Alendowo sanaonepo nkhope ya Guru, tsono anayesa kuti awa ndi anchito otumidwa kucokera kulangar. Analandira cakudya nadya. Pamenepo mwamunayo anayamba kuwathowa miyendo okalamba amene mapazi ao anatupa ndi ulendo, ndipo usiku, pokhala kunali kotentha, iye ndi mkazi wace anawakupiza kuti agone.

Kutaca anapita nao kumudzi. Pofika pakhomo onse anabvula nsapato, ndipo mtsogoleri wa ulendowo anafuna munthu mmodzi wotsala kuti azisunge; koma atayenda masabata ambiri, panalibe wofuna kutsala kunja pa tsiku lotere. Wanchito wadzulo uja anadzipereka, ndipo iwo anakondwa namsiya. M'katimo anapeza msonkhano wakhala, oyimba alikuyimba, koma mpando wa Guru uli wopanda munthu. Atafunsa, Baba Buddha anawauza kuti Guru anacoka dzulo madzulo kukacingamira alendo a ku Kabul, ndipo sanabwerebe. Pomwepo anazindikira. Anathamangira kukhomo nampeza wakhala pansi pakati pa nsapato zao, alikuzicotsa matope ndi pfumbi la njira yonse ya ku Kabul ndi nsalu yace. Iwo analira ndi manyazi, koma iye anawatonthoza, nawadziwitsa kuti kwa iye pfumbi la mapazi a anthu ofuna Mulungu ndi cinthu ca mtengo wapatali. Pamalo pamene amati anakomana nao pali nyumba yopembedzeramo yochedwa Pipli Sahib.

Nkhani imeneyi inasungidwa pakamwa, ndipo osimba amasiyana pa zing'ono-zing'ono. Koma igwirizana ndi nyimbo zimene Arjan analemba yekha, m'mene kawiri-kawiri alakalaka nchito za kapolo wa m'nyumba, monga kutunga madzi, kupera tirigu, kukupiza ndi kusambitsa mapazi a opembedza. Ndipo kulemera kwace kuli apa: Arjan anali wa gulu la Khatri, lolemekezeka ndithu, ndiponso mwini mudzi. Kupatsa alendo cakudya mfumu iri yonse ikhoza, nitamandidwa nako. Kugwira nsapato za munthu wina ndiko kunali kudzitsitsa kufikira gulu la osakhudzidwa, pamaso pa anthu amene anadziwa bwino tanthauzo lace.

Mata Ganga nayenso anaphunzira phunziro lomweli. Atakhala zaka zambiri wopanda mwana anapita kwa Baba Buddha kukapempha dalitso, atakwera gareta, ndi adzakazi ndi zakudya zonona zophikidwa ndi ena; nkhalambayo sinakondwe naye. Mwamuna wace anamlangiza kuti apitenso wapansi, wopanda nsapato, ndi mkate wamba ndi anyezi, zokonza ndi manja ace. Ulendo waciwiriwo analandiridwa. Mwana wao mmodzi yekha, Hargobind, anabadwa m'caka ca 1595.

Nchito yaikulu koposa ya Arjan inali buku. Nyimbo za aphunzitsi oyamba zinali zobalalika m'mipukutu ndi m'mitima ya anthu, ndipo a gulu la Prithi Chand anali kupeka zao nazifalitsa m'dzina la Nanak. Tsono Guru anasonkhanitsa zolembedwa zonse, nakhala pamalo acete pambali pa dziwe lina lochedwa Ramsar, iye alikusankha, Bhai Gurdas alikulemba m'malemba a Gurmukhi. Anazindandalika monga mwa maimbidwe ace, nawerenga ndime zonse ndi manambala, kotero kuti kunali kobvuta kuti wina alowetsemo zace mobisa. Mphunzitsi ali yense amene anasungapo kaundula wa sukulu adzaona nzeru yace ya macitidwe amenewa. Nyimbo za Arjan mwini ziposa 2,000, ndipo yodziwika koposa ndi Sukhmani, imene Asikh ambiri amawerenga m'mamawa. Koma cozizwitsa ndi alendo amene anawalowetsa m'bukumo. Muli nyimbo za Sheikh Farid, Msilamu. Za Kabir, woomba nsalu. Za Namdev, wosindikiza maluwa pansalu. Za Sain, wometa. Za Sadhana, wopha nyama. Mulinso nyimbo ngati 40 za Ravidas wa ku Banaras, wa pfuko la Chamar, wosoka nsapato, amene abale ace anali kukoka ng'ombe zakufa kunja kwa mzinda. Munthu amene sakadaloledwa kuponda pakhonde la kacisi wa kwao, mau ace anaikidwa pamodzi ndi mau a Nanak.

Bukulo, lochedwa Adi Granth, linatha m'caka ca 1604, ndipo linanyamulidwa pamutu pa Baba Buddha kulowa m'Harmandir. Iyeyo ndiye anakhala woyamba kulisunga ndi kuliwerenga. Asikh amati kuyambira tsiku limenelo Arjan anaika bukulo pakama, iye nagona pansi pambali pace. M'caka ca 1708 Guru Gobind Singh analamula kuti pasakhalenso Guru waumunthu, koma bukulo likhale Guru. Ndico cifukwa cace lero lichedwa Guru Granth Sahib, ndipo losindikizidwa liri ndi masamba 1,430. Msikh ali yense wolowa m'nyumba yopembedzeramo amagwada pamaso pace kufikira mphumi igunda pansi. Potero wansembe ndi mwini cuma amawerama pamaso pa mau a wosoka nsapato.

Pa za kusamba, ciphunzitso ca Arjan cinali ndi mbali ziwiri zimene alendo amazisokoneza. Iye anakumba maiwe, nafuna kuti wophunzira wace adzuke usiku usanathe, asambe thupi lonse, ndi kuyamba mapemphero ali woyera. Koma anatsatanso Nanak pokana kuti madzi a mtsinje wopatulika angathe kucotsa zoipa za mumtima, kapena kuti munthu adetsedwa cifukwa ca kubadwa kwace, kapena kuti mkazi wobala mwana adetsa nyumba. Kwa iye litsiro linali litsiro leni-leni, la thukuta ndi matope, limene madzi acotsa. Ndipo linalipo lina, la kunyada, dyera ndi bodza, limene licoka ndi kukumbukira dzina la Mulungu ndi kutumikira anthu. Tsono kusesa ndi kutsuka sikunali kudzipatula kwa anthu odetsedwa. Kunali nchito imene wopembedza aicitira mnzace.

Miyambo imene Asikh atsata lero m'nyumba zao zopembedzeramo, zochedwa gurdwara, inakula pa maziko amenewa. Pakhomo pali cipinda ca nsapato, jora ghar. Mlendo amabvula nsapato ndi masokosi omwe, napereka pazenera, nalandira kacitsulo ka nambala. Olandirawo si anchito olipidwa okha ai. Ambiri ndi odzipereka, ndipo pakati pao pamapezeka madokotala, eni masitolo ndi akazi olemera. Ena samangosunga, koma amapukuta nsapatozo ndi kuzipaka polishi mwini wace osadziwa, ndipo alipo amene amatenga pfumbi lace nalikhudzitsa pamphumi. Ku Amritsar, pa cipata ciri conse pali ngalande yosaya ya madzi oyenda yopingasa njira, kotero kuti palibe wolowa osatsuka mapazi, ngakhale akhale nduna ya boma. Mutu uyenera kupfundidwa, wa mwamuna ndi wa mkazi yemwe, ndipo fodya ndi mowa siziloledwa kufika pafupi. M'kati onse amakhala pansi. Wowerenga buku amayamba wasamba m'manja, ndipo wina amaima kumbuyo kwace ndi cokupizira ca ubweya wa mcira, monga anali kucitira mafumu. Usiku bukulo limanyamulidwa m'macila kupita kucipinda cace cogona. Pamenepo zitseko zimatsekedwa, ndipo odzipereka amatsuka pansi ponse ndi madzi osanganiza ndi mkaka, napukuta ndi nsalu, nayala zoyala zoyera, bukulo lisanabwerenso mbandakuca.

Malamulo amenewa analembedwa pamodzi m'buku la mwambo lochedwa Sikh Rehat Maryada, limene akulu ao anabvomereza m'caka ca 1945. Limanena kuti wolowa abvule nsapato, ndipo ngati mapazi ali akuda awatsuke. Kuti pamaso pa Granth pasakhale wokhala pampando kapena pamtsamiro womsiyanitsa ndi anzace. Kuti cakudya copatulika ca ufa watirigu, shuga ndi mafuta a mkaka, zolingana muyeso, ciphikidwe m'ciwiya coyera ndi kupfundidwa ndi nsalu yoyera. Pali lamulo limodzi limene lisonyeza bwino mtima wa zonsezi. Wonyamula Granth panjira ayende wopanda nsapato. Koma ngati pali cifukwa comkakamiza kuzibvala, azibvale, osaopa malodza. Nsapato siiyesedwa cinthu ca tsoka. Kuibvula ndi ulemu cabe. Ndiponso Msikh wolakwira mpingo akabvomera kulakwa kwace, cilango cimene amapatsidwa kawiri-kawiri ndico kupukuta nsapato za osonkhana kapena kutsuka mbale za m'langar masiku akuti. Buta Singh, amene anakhalapo nduna ya za m'kati mwa dziko la India, anacita cilango cotere m'caka ca 1994. Pano pali cinthu coseketsa pang'ono: nchito imene ena amaikanganirana monga mwai, ena amapatsidwa monga mankhwala a kudzikuza.

Zaka zapakati za moyo wa Arjan zinali za mtendere ndi kukula. M'caka ca 1590 anayamba mudzi wa Tarn Taran ndi dziwe lace lalikulu, kumene anasamalira akhate, anthu amene ngakhale abale ao anawataya; pambuyo pace anamanganso Kartarpur, pafupi ndi Jalandhar. Anakhazikitsa mwambo wakuti Msikh apereke limodzi la magawo khumi a phindu lace, ndipo akapitao ochedwa masand anali kusonkhanitsa zoperekazo m'madera ao. Alimi ambiri a pfuko la Jat analowa mumpingo. Mfumu yaikulu ya Amughal, Akbar, imene inalekerera zipembedzo zonse, inamcezera ku Goindwal m'caka ca 1598.

Akbar anamwalira m'caka ca 1605, ndipo mwana wace Jahangir analowa ufumu. Patapita miyezi yowerengeka, mwana wa Jahangir, Khusrau, anapandukira atate wace nathawira ku Punjab ndi ankhondo ace. Podzera ku Goindwal anaonana ndi Guru. Kupandukako kunalephera msanga, ndipo mfumu inayamba kulanga onse amene anamkomera mtima mnyamatayo. Jahangir analemba yekha m'buku la zocita zace kuti Arjan anapaka cizindikiro ca mwai pamphumi pa Khusrau. Koma analembanso cina coposa ici: kuti munthuyu anakopa Ahindu ambiri ndi Asilamu omwe, kuti zimenezi zinacitika mibadwo itatu kapena inai, ndi kuti iye anaganiza kale zakuziletsa kapena kumlowetsa m'Cisilamu. Analamula kuti cuma cace cilandidwe ndi kuti aphedwe. Wansembe wa Cijesuit, Jerome Xavier, amene anali ku Lahore masiku omwewo, analemba m'kalata ya September 1606 kuti Guru anamlipiritsa ndalama zambiri, ndipo posapezeka ndalamazo anazunzidwa tsiku ndi tsiku kufikira anafa. Asikh amaonjeza kuti adani ace a pafupi, makamaka Chandu Shah, nduna ya za msonkho, anasonkhezera motowo, ndi kuti Guru anauzidwa kusintha mau ena a m'buku lace koma anakana.

Mwezi wa May ku Lahore ndi umodzi wa miyezi yotentha koposa m'caka. Monga mwa mbiri ya Asikh, anamkhazika pa citsulo camoto namthira mcenga wotentha pamutu ndi pathupi, masiku asanu, iye osatemberera munthu. Potsiriza anapempha kuti akasambe mumtsinje wa Ravi, monga anazolowera m'mawa uli wonse wa moyo wace. Anayenda pang'ono-pang'ono ndi mapazi a matuza, nalowa m'madzi, ndipo sanaonekenso. Olemba mbiri ena amati anafa ndi mabalawo, mtembo wace nuponyedwa mumtsinje. Tsikulo linali 30 May 1606, ndipo anali ndi zaka 43.

Hargobind analowa m'malo mwace ali ndi zaka 11. Pa tsiku lomuika anamangirira malupanga awiri m'cuuno, limodzi la ulamuliro wa zauzimu, lina la za dziko, ndipo moyang'anana ndi Harmandir anamanga Akal Takht, bwalo loweruzira milandu ya mpingo. Kuyambira pamenepo Asikh anayamba kusunga akavalo ndi zida. Pamalo pamene Arjan anafera pali gurdwara yochedwa Dera Sahib, pafupi ndi linga la Lahore, mzinda umene unagwera ku Pakistan pamene dziko linagawidwa m'caka ca 1947. Caka ndi caka, pa tsiku lokumbukira imfa yace, Asikh amaika migolo m'mbali mwa miseu, naimitsa oyenda pansi, oyendetsa magareta ndi a m'mabasi, a cipembedzo ciri conse, kuti amwe madzi ozizira osanganiza ndi mkaka ndi shuga.